Kaundula wa bungwe la alimi ku Angonia ndi Tsangano: momwe ntchito yosamuka pa Python 2.7 ikuyendera

Lolemba, 3 Marichi 2025

Ndayamba zolembazi chifukwa ntchito imene ndinkaiyesa ya masabata awiri yaonetsa kale kuti idya nyengo yonse ya zokolola, ndipo amene adzaigwire ine nditachoka ayenera kudzaona pomwe ndinapondapo.

Bungwe lathu limagula nyemba, soya ndi chimanga kwa mamembala ake pa malo atatu m'chigawo cha Tete ku Mozambique: ku Ulongwe komwe kuli ofesi, ku Domwe, ndi ku Tsangano. Paliponse pali mlembi, sikelo, kapulinta ka malisiti ndi kompyuta. Mlimi akatsitsa matumba, mlembi amayeza, amalemba dzina ndi makilogalamu, pulogalamu n'kuwerengera ndalama, n'kuchotsapo kachopereka ka bungwe, lisiti n'kutuluka. Loweruka mafulashi amapita ku Ulongwe kuti amayi osunga chuma aphatikize zonse. Pulogalamuyi tonse timangoitcha kaundula. Anailemba mu Python 2.7, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndi mnyamata wina wa kwathu komweko asanapite kukagwira ntchito ku malasha ku Moatize, ndipo anailemba ndi mtima wonse. Yatumikira zaka zambiri osatigwetsa mphwayi.

Koma Python 2.7 inatuluka mu 2010, ndipo eni ake anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020. Python 3 ilipo kuyambira Disembala 2008, ndipo anaipanga mwadala kuti isamamve zonse za mkulu wake, pofuna kukonza zimene zinapindika pachiyambi. Ndiye kusamuka kwake si kungosintha nambala. Ine chimene chikundikankha n'chakuti komiti yapempha zinthu ziwiri zatsopano, mndandanda wa olipidwa pafoni ndi lipoti lotseguka mu Excel, ndipo sindikufuna kuonjezera chipinda pa nyumba imene maziko ake palibenso akuwayang'anira.

Makina amene tili nawo ndi awa. Ku Ulongwe kuli kompyuta ya patebulo ya Windows 10. Ku Tsangano kuli laputopu ya Windows 7. Ku Domwe kuli laputopu yokalamba kuposa zonse, Windows 7 ya 32 bit, RAM yake 2 GB, batire linafa kale moti imangodalira sola. Ine kuno ku Tete ndimalembera pa laputopu yatsopano yokhala ndi Python 3.13. Soya ayamba kubwera kumapeto kwa Epulo. Pofika nthawi imeneyo kaundula watsopano akhale atakhazikika konse kutatu.

Lachitatu, 12 Marichi

Lero ndalakwa, ndipo amene avutika ndi kulakwako si ine.

Sabata yathayi ndinamaliza kusandutsa khodi yonse kupita ku Python 3. Pa laputopu yanga zonse zimayenda. Ndinamanga fayilo ya exe, yotsegulira pulogalamu pa Windows, ndi chida chotchedwa PyInstaller, n'kuitumiza pa WhatsApp kwa mlembi wa ku Domwe, n'kumuuza kuti achotse wakale aike watsopanoyu. Anagula mamega ndi ndalama yake, anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, anaitsitsa usiku. M'mawa uno anaimba.

"Achimwene, chinthu chanu chija chikukana. Chikuti api-ms-win-core-path-l1-1-0.dll palibe. Pano pali anthu ndi nyemba, ena abwera pa ngolo kuchokera kuseri kwa phiri."

Wakale anali atamuchotsa, monga ndinamuuzira. Tsiku lonse walemba m'kope, kuwerengera pa kakyuleta ya pafoni, malisiti a pamanja. Amayi ena achikulire anakana kusiya nyemba zawo opanda lisiti losindikiza, anabwerera nazo kumudzi. Ulendo umenewo ndawayendetsa ndine.

Chifukwa chake chinalembedwa poyera, ine sindinawerenge. Python 3.8 ndi yomaliza kuyenda pa Windows 7. Kuyambira 3.9 imafuna zigawo za Windows zimene mu 7 mulibe, ndipo fayilo ya exe imanyamula Python yomwe inamangidwa nayo. Ndinamutumizira 3.13 m'thumba osadziwa. Usiku uno ndamutumiziranso kaundula wakale pamodzi ndi mamega ake.

Lachinayi, 13 Marichi

Wakale wabwerera pamalo, za m'kope zonse zalowetsedwa. Kuyambira lero palibe chimene chichoke m'manja mwanga chisanayesedwe pa Windows 7 ya 32 bit, ndipo palibe mlembi amene ndidzamuuzenso kuti achotse chakale chatsopano chisanagwire ntchito tsiku lathunthu.

Lolemba, 17 Marichi

Ndakhala masiku anayi ndikusinkhasinkha za vesheni yoimapo. Mnzanga wina amene amalemba mapulogalamu ku Maputo anandiyankha mwachidule kuti Windows 7 inafa pa 14 Januwale 2020, Python 3.8 nayo inatsekedwa mu Okutobala 2024, Chrome anaima pa 109, ndiye bungwe ligule makina atsopano basi. Zonse wanenazo ndi zoona. Kuyambira pa 3.9, Python yatsopano imatuluka Okutobala aliyense ndipo imasamalidwa zaka zisanu, kenako amaisiya. Sindiwaimba mlandu anthu amenewa. Ambiri mwa iwo amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo vesheni iliyonse imene akuisamalira ndi katundu pamutu pawo.

Koma ndalama ya malaputopu awiri ku bungwe lathu ndi ndalama yomweyo yogulira matumba opanda kanthu, kulipirira lole ndi kupereka kwa mlimi tsiku lomwelo lomwe wabweretsa zokolola. Pa nthawi ino ya chaka m'bokosi mwauma. Laputopu ya ku Domwe imayaka, imalemba, imasindikiza. Mlembi amaidziwa ngati khasu lake. Kuti ndiuze komiti kuti aitaye chifukwa ine ndikufuna kulemba m'kalembedwe ka 2024, mtima wanga ukukana. Kaundula analembedwera mlembi ndi mlimi, ndipo ayenera kuyenda pa makina amene ali pamaso pawo lero.

Za chitetezo ndaziganizira. Malaputopu awiriwa salowa pa intaneti. Khomo lawo loopsa ndi fulashi, imene imadutsa m'mabanka ojambulira nyimbo isanafike ku ofesi. Pamenepo tigula mafulashi atatu a ntchito yokhayi, tiwalembe mayina ndi penti.

Ndinaganizakonso zoika Linux m'malo mwa Windows, pakuti Linux ya Debian 12 ikadali ndi ya 32 bit ndipo imabwera ndi Python yatsopano ndithu. Njira imeneyi ndi yabwino, koma siyoyamba zokolola zili pakhomo. Pulinta iyenera kuyesedwanso, alembi aphunzirenso. Ndaisungira nyengo ya dzinja pamene sikelo imapuma.

Ndiye chigamulo ndi ichi: khodi ikhale imodzi, pansi iziyenda pa 3.8, pamwamba pa 3.13. Yomangira exe ikhale 3.8.10 ya 32 bit, imene inatuluka mu Meyi 2021 ndipo ndi yomaliza ya 3.8 yokhala ndi choikira cha Windows. Exe ya 32 bit imayendanso pa makina a 64 bit, choncho fayilo imodzi ikwanira konse kutatu.

Loweruka, 22 Marichi

Walira mvula walira matope. Sabata yonse ndakhala ndikuzula m'khodi zinthu zimene 3.8 sizidziwa, zambiri mwa izo zimene dzanja langa linazolowera.

Zina zimadziulula zokha. Ndinalemba match posankha mtundu wa mbewu, koma match inabwera mu 3.10, ndipo 3.8 ikangoiona imakana kutsegula fayilo yonse. Zoterezi sizindiopsa, chifukwa zimakuwa pakhomo pomwe. Zoopsa ndi zimene zimagona. Mwachitsanzo removeprefix, imene ndinkachotsera +258 pa nambala za foni, inabwera mu 3.9. Pa 3.8 pulogalamu imatseguka bwinobwino, mlembi n'kugwira ntchito mwezi wathunthu, mpaka tsiku limene wadina batani la olipidwa pafoni, pamenepo ndiye imagwa. Chimodzimodzi kuphatikiza madikishonale awiri ndi chizindikiro cha |, komanso zoneinfo, zonsezo ndi za 3.9. Nayo fromisoformat isanafike 3.11 siilandira nthawi yothera ndi Z. Mzere wa from __future__ import annotations wandipulumutsa pa list[int] ndi str | None pamene zili m'mafotokozedwe a mafankishoni, koma pamalo amodzi pomwe ndinapatsa list[int] dzina lakelake mzerewo sunathandize, pulogalamu inagwa ndithu. Kachida kotchedwa vermin kamawerenga khodi n'kunena vesheni yotsikitsitsa imene ingaiyendetse, ndipo kandigwirira awiri amene maso anga anawadumpha. Za zoneinfo ndangozisiya. Dziko lathu lili pa UTC+2 chaka chonse, sitisuntha wotchi, ndiye maola awiri okhazikika akwanira.

Kumwamba nako kuli minga yake. Chida cha 2to3 chimene chimathandiza kusandutsa khodi yakale anachichotsa mu 3.13, moti pobwereza ntchito ina ndachiyendetsa pa 3.8. Mnyamata uja ankagwiritsa imp potsegula fayilo ya mitengo, ndipo imp inachotsedwa mu 3.12 pamodzi ndi distutils. Nayo utcnow, yonenera nthawi, yayamba kuchenjeza kuyambira 3.12 kuti masiku ake akutha. Munthu uli pakati pa mipanda iwiri, wakumbuyo sukulola zatsopano, wakutsogolo ukutaya zakale, ndipo kanjira kotsala pakatipo ndi komwe khodi yonse iyenera kudutsa. Ndaona kuti kanjirako n'kokwanira ndithu. Ma f-string alipo kuyambira 3.6, dataclasses kuyambira 3.7, pathlib kalekale. Palibe chimene kaundula amafuna chimene chikusowa.

Ndachotsanso pandas (phukusi lakunja losanjira matebulo a manambala), imene ndinaibweretsa pophatikiza mafulashi. Yomaliza kuyenda pa 3.8 ndi 2.0.3 ndipo imakoka NumPy, zonse n'kulemetsa exe ndi laputopu ya 2 GB. Ntchito yomweyo ndailemba ndi csv ndi sqlite3 zimene zimabwera ndi Python. Phukusi lakunja latsala limodzi, pyserial 3.5, loyankhulira ndi pulinta. Exe yachepa kwambiri, zimene kwa munthu wogula mamega ndi nkhani yaikulu.

Lachisanu, 28 Marichi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya ntchitoyi, ndipo ndikanapadutsa osaona.

Ndinatenga malisiti onse akale a m'nkhokwe ya ku Ulongwe, fayilo yomwe kaundula amasungiramo zonse, n'kuuza kaundula watsopano kuti awawerengerenso, kuti ndione ngati apeze ndalama zomwezo zimene wakale anapeza. Ambirimbiri anasiyana. Kusiyana kwake kunali kochepa, theka la metikali, pafupifupi metikali imodzi, koma kunalipo.

Chachitika n'chotere. Bungwe limatenga 2 pa 100 iliyonse. Khodi yakale imachulukitsa ndalama ndi 2 n'kugawa ndi 100. Mu Python 2, nambala zathunthu ziwiri zikagawana, yankho limakhala lathunthu ndipo zotsala zimatayidwa: 7/2 ndi 3. Mu Python 3 chizindikiro chomwecho chimapereka 3.5. Ndiye mlimi amene zokolola zake zakwana mametikali 4,375, wakale ankamudula 87, watsopano akupeza 87.5. Mzere womwewo, zilembo zomwezo, palibe chenjezo, palibe kugwa, ndalama yokha ndiyo yasintha. Nditaona theka lija ndinafulumira kuika round, n'kupezanso dzenje lina. Python 3 ikakumana ndi theka imapita ku nambala yogawika ndi 2, moti 87.5 ipita ku 88 koma 86.5 ibwerera ku 86, pamene Python 2 ikanapereka 87. Mlimi wa 4,375 adulidwa mokweza, mnzake wa 4,325 motsitsa. Akatswiri a masamu ali nacho chifukwa chabwino chochitira zimenezi, koma pa sikelo ya ku Domwe palibe mlembi amene angazifotokoze kwa anthu awiri oimirira limodzi ndi malisiti m'manja.

Ndinaona kuti nkhaniyi si yanga kugamula. Ndinaimbira amayi osunga chuma, apulezidenti a bungwe ali pomwepo.

"Amayi, kaundula wakale wakhala akusiyira mlimi masentavo onse otsala pa chopereka. Watsopano angathe kuwatenga, angathenso kuwasiya. Ndichite ziti?"

"Mwanangu, anthu amasunga malisiti m'majumbo, pansi pa mphasa, ena kuyambira chaka chimene tinayamba. Munthu akabwera ndi lisiti la chaka chatha kudzatenga ngongole ya mbewu, ife n'kusindikiza lathu n'kupezeka lasiyana ndi lake ngakhale ndi metikali imodzi, adzati tayamba kuba. Zisiyeni momwe zinalili. Kanthu kakang'onoko kazitsala kwa mlimi."

Apulezidenti anavomera. Choncho chimene chinayamba ngati khalidwe chabe la Python 2 tsopano ndi lamulo la bungwe, ndipo ndalilemba m'khodi ndi // pamodzi ndi ndemanga yofotokoza amene anagamula ndi tsiku lake, kuti wobwera pambuyo asadzalione ngati cholakwika n'kulikonza. Ndalama zonse m'kati mwa pulogalamu tsopano zikusungidwa m'masentavo ngati nambala zathunthu. Ndabwerezanso mayeso aja: malisiti onse akale afanana. Mayeso amenewa akhala mlonda wamkulu wa ntchitoyi, aziyenda pa 3.8 ndi pa 3.13 nthawi iliyonse ndikasintha kanthu.

Kuyambira pa 12 Marichi ndinkaganiza kuti kusunga zakale ndi nkhani ya Windows 7. Lero ndaona kuti chakale chimene sitingachiphwanye n'komwe ndi pepala lomwe lili m'jumbo la mlimi.

Lachitatu, 2 Epulo

Zilembo. Ife a kuno timalemba dzina limodzi pawiri. Boma limalemba Ulónguè, Dómuè, Zóbuè, Angónia. Pakamwa ndi m'makalata athu timati Ulongwe, Domwe, Zobwe. Ambiri mwa akuluakulu athu anaphunzira sukulu ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, asanabwerere pambuyo pa mtendere wa 1992, ndipo dzanja lawo limalemba Chichewa cha ku Malawi, pamene chitupa chawo chili m'kalembedwe ka Chipwitikizi. Zonsezi zimathera m'kaundula.

Python 2 inkalola kusakaniza mawu ndi ma byte (manambala amene kompyuta imasungira zilembo) osafunsa. Zotsatira zake n'zakuti m'nkhokwe muli mayina ena osungidwa m'kalembedwe ka cp1252 ka Windows, ena m'kalembedwe ka UTF-8, ndipo ena anadutsa m'zonse ziwiri n'kuphwanyika: Angónia anasanduka AngÃ³nia, João anasanduka JoÃ£o. Munthu mmodzi akupezeka kawiri, ngongole yake ili pa dzina ili, zokolola zake pa linalo. Python 3 imasiyanitsa ziwirizi mwamphamvu ndipo imakana kusakaniza. Pa zonse zimene anasintha mu 2008, ichi ndi chimene ndikuchiyamikira kwambiri, ngakhale chandidyera masiku atatu. Ndalemba kapulogalamu kokonza mayina ophwanyika, koma sikaphatikiza anthu kokha. Kamangotulutsa mndandanda wa okayikitsa kuti alembi, amene amawadziwa anthuwo ndi maso, anene ngati ndi munthu mmodzi kapena bambo ndi mwana wake.

Panatulukanso ŵ. Mlembi wa ku Tsangano amalandira mayina pa foni n'kuwakopera, ndipo ena amabwera ndi kachipewa pa w monga mu Malaŵi. Chilembo chimenechi mu cp1252 mulibe. Pa Windows, open yotsegulira mafayilo ikapanda kuuzidwa imatsata kalembedwe ka makinawo, ndiye lipoti linkagwa pa dzina limodzi lokhalo. Tsopano open aliyense m'khodi ali ndi encoding yolembedwa poyera. Lipoti la Excel ndaliika pa utf-8-sig, apo ayi Excel imaphwanyanso zilembo, ndipo magawo ake ndawalekanitsa ndi chizindikiro cha ; chifukwa kompyuta ya ku Ulongwe ili m'Chipwitikizi, momwe chizindikiro cha koma (,) ndi cha masentavo.

Loweruka, 5 Epulo

Ndaika Windows 7 ya 32 bit m'kati mwa VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta yongoyerekezera, pa laputopu yanga, ndaipatsa RAM yochepa dala. Exe ikumangidwira momwemo. Magetsi anathima kawiri masana, kutentha kwa mu Tete muno laputopu ikuchita kulira, koma exe yoyamba ya 3.8.10 yatseguka ndipo yasindikiza lisiti la mayeso.

Lachiwiri, 15 Epulo

Makina atatu sadzasinthidwa tsiku limodzi. Padzakhala sabata imene Ulongwe ali pa watsopano, Tsangano akadali pa wakale, ndipo fulashi ikuyenda pakati pawo Loweruka monga mwa nthawi zonse. Choncho funso silili pa Python yokha. Fayilo ya nkhokwe nayo iyenera kumveka mbali zonse.

Apa ndinatsala pang'ono kubwereza za pa 12 Marichi. Pofuna kuti m'gawo la makilogalamu musamalowe mawu, ndinalemba matebulo atsopano ndi STRICT. Mawu amenewa SQLite, pulogalamu yoyendetsa nkhokweyi, anawalandira mu 3.37, mu Novembala 2021, miyezi isanu ndi umodzi Python 3.8.10 itatuluka kale. Nkhokwe yopangidwa pa laputopu yanga inakana kutseguka mu VirtualBox. Ulendo uno cholakwikacho chagwidwira patebulo langa, sichinafike kwa mlembi. STRICT ndamuchotsa, m'malo mwake ndaika CHECK amene SQLite wakale amamumva.

Malamulo a nkhokwe ndawalemba pamwamba pa fayilo yake. Gawo latsopano tingaonjezere, koma lakale sitilichotsa kapena kulisintha dzina. Gawo latsopano lililonse likhale ndi mtengo wake woyambira, kuti pulogalamu yakale imene silidziwa izitha kulembabe mzere. Nambala ya kamangidwe ka nkhokwe ikusungidwa mu PRAGMA user_version. Kaundula akapeza nambala yotsika, ayambe wakopera fayilo pambali, kenako aikweze. Akapeza nambala yoposa imene akuidziwa, asakhudze kanthu, angonena m'Chichewa chomveka kuti fayiloyi yachokera kwa kaundula watsopano, imbani foni. Gawo lakale la mametikali ndalisiya pambali pa la masentavo ndipo onse awiri akulembedwa, mpaka tsiku limene 2.7 idzazime konse.

Lachinayi, 24 Epulo

Ndili ku Angonia kuyambira Lolemba. Ndinakwera shapa (minibasi) m'bandakucha, kudutsa Moatize, kukhotera ku Mussacama, ndipo pofika ku Ulongwe juzi imene ndinaiiwala m'chikwama chaka chatha inagwira ntchito. Soya wauma m'minda, ena ayamba kale kumenya.

Ku Ulongwe zinatenga mphindi khumi. Ku Tsangano chimodzimodzi, kupatula pulinta imene ndinena pansipa. Ku Domwe ndiye ndinakhalako tsiku lonse. Exe inakananso, ulendo uno ikufuna api-ms-win-crt-runtime-l1-1-0.dll. Mtima unagunda, mlembi akundiyang'ana. Koma ili ndi vuto lina, ndipo lili ndi mankhwala: laputopuyi sinalandirepo zokonza za Windows, ndiye inalibe Universal C Runtime imene Python 3.5 kupita m'tsogolo imadalira. Ndinali nditanyamula KB2999226 pa fulashi. Titaiika n'kuyatsanso, kaundula anatseguka.

Tikuyesa lisiti loyamba ndinaona kuti tsiku lake ndi la chaka chimene laputopuyo inapangidwa. Kabatire ka wotchi ka m'kati kanatha, moti sola ikazima makina amaiwala tsiku. Mlembi anati wakhala akulikonza pamanja m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, ndipo masiku ena amaiwala. Sanandiuzepo chifukwa ankaona ngati ndi mmene makina okalamba amakhalira. Kabatire kake tikakapeza ku Ulongwe tikasintha. Pakali pano ndaonjezera mizere isanu: tsiku la kompyuta likakhala kumbuyo kwa lisiti lomaliza, kaundula akane kuyamba mpaka tsiku likonzedwe. Ndikanakhala ku Tete, zimenezi sindikanaziona ngakhale ndi mayeso chikwi.

Wakale sindinamuchotse paliponse. Ali pa sikirini pambali pa watsopano, dzina lake ndalisintha kukhala KAUNDULA WAKALE, ndipo alembi akudziwa kuti zikavuta abwerere kwa iye osadikira foni yanga.

Madzulo amayi aja amene anabwerera ndi nyemba mu Marichi anadutsa pa sikelo. Mlembi anandisonyeza. Ndinapita kukawapepesa.

"Agogo, tsiku lija makina anakana ndine ndinalakwitsa. Pepani kwambiri, munayenda ulendo pachabe."

"Ndamva, mwanawe. Bola pepala lizituluka."

Loweruka, 10 Meyi

Sabata yachiwiri ya soya. Mafulashi atatu aphatikizidwa kawiri popanda vuto. Palibe amene watsegula wakale. Mndandanda wa olipidwa pafoni watuluka ndipo amayi osunga chuma aufananitsa ndi kope lawo, wagwirizana. Mlembi wa ku Domwe akuti kusaka dzina kukuchedwa anthu akachuluka. Ndaika index, yofulumizitsa kusaka, pa gawo la mayina, ipita ndi fulashi ya Loweruka likubwerali.

Lachisanu, 20 Juni

Soya watha, chimanga chayamba kulowa. Dzulo komiti inakumana ndipo ndinapempha mphindi zochepa kuti ndinene za m'tsogolo, chifukwa sindikufuna kuti anthu aganize kuti 3.8 tikhala nayo mpaka kale. Maphukusi ambiri aisiya kale. Zida zomangira nazo zidzaisiya. Ndatsitsa choikira cha 3.8.10, pyserial, PyInstaller wa vesheni imene ndamangira ndi KB2999226, ndaziika pa mafulashi awiri, imodzi ili m'bokosi la ndalama ku Ulongwe, kuti exe idzathe kumangidwanso ngakhale zinthuzi zitasowa pa intaneti. Ndinawauzanso kuti Windows 10 ya mu ofesi Microsoft aisiya pa 14 Okutobala 2025, mwezi womwewo umene Python 3.9 ikutsekedwa ndipo 3.14 ikutuluka. Mpanda wakumbuyo ukusendera nthawi zonse.

Tagwirizana izi, ndipo zalowa m'buku la misonkhano. Kaundula aziyenda pa 3.8 mpaka kugula kwa 2026 kutatha. Pa zokolola za chaka chino bungwe lipatule ndalama ya laputopu imodzi, ipite ku Domwe. Mu Januwale, sikelo ikupuma, ndiyese Debian pa laputopu yakale ya ku Domweyo, ndipo ikayenda tichite zomwezo ku Tsangano. Tsiku losiya 3.8 alembi adzauzidwa miyezi itatu lisanafike, ndipo mayeso a malisiti akale adzapita nafe ku vesheni iliyonse imene tidzasamukire. Kaundula wa 2.7 tidzamuchotsa pa masikirini chimanga chikatha.

Chotsala pa tebulo ndi pulinta ya ku Tsangano. Python 3 imafuna kuti zopita ku pulinta zikhale ma byte, ndiye ndimasandutsa mawu kukhala cp860, kalembedwe ka Chipwitikizi, nditasintha kaye ŵ kukhala w pakuti mu cp860 namonso mulibe. Ku Ulongwe ndi ku Domwe lamulo la ESC t 3 limasankha tebulo lolondola ndipo ó ndi ã zikutuluka bwino. Ya ku Tsangano ndi ya mtundu wina, pa dzina la João ikusindikiza kachizindikiro kachilendo pakati. Ndapempha mlembi kuti aizimitse, agwire batani lotulutsira pepala, aiyatse akadagwirabe, kuti isindikize pepala losonyeza makonzedwe ake, alijambule anditumizire. Akuti achita mawa m'mawa asanayambe kuyeza, netiweki ikalola.